Zovala Zanga M'thumba la Yureya

Thumba ili ndabwera nalo dala. Liyambire uko kwa amayi, aliyense aligwire, lizungulire mpaka lindipezenso kuno. Musaope, mulibe mankhwala, ndi thumba la yureya lomwe nonse mumalidziwa. Koma ineyo Layisoni, bambo wa ana atatu, katundu wanga yense wa padziko lapansi anakhala m'menemo miyezi isanu ndi itatu. Malaya awiri, buluku la kutchalitchi, bulangete, ndi nsapato imodzi. Inzake ndinaisiya ku Migowi, mpaka lero sindidziwa kuti pakhomo pa ndani.

Apampando a kalabu yathu ya alimi a fodya andichenjeza kuti ndisachulutse gaga m'diwa. Ndiyesetsa. Koma kumwambaku ndayang'ana monga mwayang'anira inu. Sabata yachiwiri ino mvula osagwa, fodya akufota masana, masamba a m'munsi ayamba chikasu, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu maso ayamba kale kugwera pa thumba la mayi lomwe lili kuseri kwa chitseko. A Dizimasi mukuseka, ndiye kuti ndakhudza pachilonda. Mverani kaye zomwe zinandionekera ine.

Kwathu ndi ku Nazombe, kuno ku Mkhumba ndinabwera ndi ukwati. Mukudziwa mmene timakhalira ife. Nyumba umanga ndiwe, koma dothi lomwe yakhalapo si lako. Munda ndi wa akazi anga, Felesiya, mayi a Estere, ndipo anatigawira ndi amalume awo, a Muhala, aja anakalambira ku esiteti akusankha fodya. Potilozera malire anati kumtunda kuzikhala chimanga cha ana, kumunsi kufupi ndi khwawa ndiziyesako fodya wanga wa bale. Zaka zinayi tinayenda bwinobwino, popanda wotiyitanira ankhoswe.

Chaka chachisanu fodya anandikomera kwambiri, ndipo ndinagula injini yopopera madzi pamodzi ndi paipi yake. Matenda anga anayambira pamenepo. Injini ija ikalira kukhwawa, anthu ankaima pamsewu kuonerera, ine n'kumayenda manja ali m'matumba. Kukalabu kuno ndinasiya kubwera. Alangizi athu, mayi aja a ku Kasungu, ndinkawatchula kuti alimi a m'buku. Anthu amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndinali m'gulu lomwelo.

Nyengo yotsatira ndinawokera ndi mvula yoyamba. Feteleza wokulitsa ndinathira pa nthawi yake, feteleza wachiwiri uja wa kani ndinathiranso pa nthawi yake, zonse ndi kapu monga timachitira. Fodya anakula bwino, wofika m'chiuno, wangotsala pang'ono kudulidwa mitu. Kenako kumapeto kwa Januwale dzuwa linaswa mtengo, ngati mmene lachitiramu. Masamba a m'munsi anayamba chikasu. Munthu wodziwa akanaona kuti ena mwa iwo akungokhwima basi, nthawi yawo yothyoledwa yayandikira. Ine ndinati fodya wanga ali ndi njala.

M'nyumba munali thumba limodzi la yureya. Linali la chimanga cha Felesiya. Anali asanathire chifukwa nthaka inali youma, ankadikira mvula kuti feteleza asapite pachabe. Ndinawapempha kuti andigawireko theka, anakana. Anati fodya wadya kale kawiri, chimanga chadya kamodzi, ndipo ana sadya fodya. Mumtima ndinati tiona. Patangopita masiku awiri kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo kutsidya ku Mozambique, ndipo anapita masiku anayi.

Asanafike ndi pa malire pomwe, ine ndinali nditatumbula kale thumba. Kapu ndinaisiya pawindo. Ndinkangotapa ndi dzanja, phando lililonse dzanja lodzaza, ndikumadziuza kuti feteleza sachuluka. Ndikamaliza mzere ndinkaliza injini n'kusefukiza madzi m'makwawa a mizere mpaka kulowa m'bondo mwa kamwana. M'mawa madzi, madzulo madzi, masiku onse. Paipi yanga inali yaifupi, sinkafika ku mizere isanu ndi umodzi ya kumapeto, kumalire ndi munda wa a Nikhoro, ndipo yureya nayenso anathera chapomwepo. Mizere imeneyo ndinangoitaya, ndinati ifere komweko.

Felesiya atabwera anapeza thumba lili lopanda kanthu, nditalipinda bwinobwino ngati ndachita zanzeru. Sanakalipe. Anangolitenga, kulikung'unta, n'kuliika pansi pa bedi. Ine ndinawalonjeza kuti fodya akagulidwa ndidzagula chimanga chodzaza nkhokwe ziwiri. Anandiyang'ana basi, n'kupita kukatunga madzi.

Abale anga, fodya uja mukanamuona. Pa sabata ziwiri anali atandipitirira msinkhu. Masamba obiriwira mpaka kuda, aakulu oti mwana akhoza kubisala mvula, msempha wapakati wonenepa ngati chala changa chachikuluchi. Anthu ankachokera m'midzi ina kudzaona. Ena mwa inu munabwera, musabise nkhope, ndipo munandifunsa kuti chinsinsi chake n'chiyani. Alangizi okha ndi amene anaima pamutu pa munda, kugwira tsamba, kulithyola pakati, madzi n'kutuluka. Anandifunsa kuti ndathira chiyani ndipo liti. Nditawauza anagwira pakamwa. Anati nditseke injini tsiku lomwelo, mwina pena pangapulumuke. Ine ndinawayankha kuti nsanje sinalemeretsepo munthu.

Kenako mvula inabwera, yambiri, ya masiku otsatizana, n'kupeza nthaka ili kale chinyontho chokhachokha. Ndinadula mitu, mphukira n'kumatuluka ngati ndazituma. Ndithyole lero, mkucha zabwereranso. Fodya wa anzanga anali akupsa, akusanduka chikasu chokongola kuyambira pansi kukwera m'mwamba, wanga ali biriwiri ngati wangowokeredwa dzulo. Ndinadikira sabata, ndinadikira ina, osasintha. Masamba ena anayamba kuthyoka okha ndi kulemera, ena madontho a matenda. Ndinaona kuti ndikadikirabe ndithera m'munda, ndiye ndinayamba kuthyola ali choncho.

Chigafa changa chinali cha fodya wamba, osati zimasamba zimenezo. Ndinapanikiza mikangala yopachikapo fodya, ndindi iliyonse ya masamba osokedwa pamodzi kukhudzana ndi inzake, mpweya wopanda podutsa. Patatha masiku pang'ono ndinalowamo m'mawa wina. Chinandilonjera choyamba ndi fungo, la ndiwo zoti zagonera masiku atatu mumphika. Ndinagwira ndindi imodzi, masamba anangotsala m'manja mwanga, oterera, akuda, nkhungu ili mbuu pa misempha. Ndinagwira ina, chimodzimodzi. Ndinathamangira kumapeto kwa chigafa, chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo ndili kukamwa yasa. Sindinkakhulupirira kuti fodya amene anthu ankabwera kudzamuonerera ndi yemweyu akundidonthera pamutu.

Wotsalayo anauma mokakamiza, wina wobiriwira, wina wakuda, wokhakhala ngati chikopa cha ng'ombe. Ndinadinda mabelo atatu pomwe ndinkayembekeza khumi ndi kupitirira. Kumsika wa fodya ku Limbe ndinapita ndekha kuti ndikaone ndi maso. Wogula anafika pa belo langa loyamba, kusolola tsamba, kulinunkhiza, n'kupukuta dzanja pa buluku. Mabelo awiri anabwezedwa, limodzi linapita pa mtengo woti kuutchula pano ndi manyazi. Ndinaima pamenepo mpaka mlonda anandiuza kuti ndikutsekereza njira.

Minibasi inanditsitsa pa Migowi. Kuchoka pamenepo kufika kunyumba ndi ulendo wa njinga, koma ine kubwererako kwenikweni kunanditengera miyezi iwiri. Ndinkaopa maso a Felesiya, chifukwa chimanga chawo ndinali nditachiona, chachikasu, chofika m'mabondo, zisononkho ngati zala za mwana. Ndiye ndinalowa kuseri kwa msika komwe amatcheza kachasu, ndinati ndimwe pang'ono ndipeze mawu okanena. Mawuwo sanapezeke. Ndalama ya belo lija inatha, ndinagulitsa foni, ndinagulitsa njinga, ndinayamba kusenza matumba a nandolo a mavenda kuti ndipeze ya botolo. Kunyumba ndinkangofikako mwa apo ndi apo, kudzatukwana n'kubwerera. Ndipo aliyense wondigulira kambuloko ka kachasu ndinkamuuza nkhani imodzi, kuti fodya wanga anachita kulodzedwa ndi a Nikhoro chifukwa cha nsanje ya injini. Ndinainena kambirimbiri mpaka ndinayamba kuikhulupirira ndekha. Munthu wosalakwa, dikoni wa mpingo, anthu anayamba kumuloza zala pamaliro chifukwa cha pakamwa panga.

Tsiku lina la msika, dzuwa lili paliwombo, ndinadzidzimuka ndili m'ngalande pafupi ndi pomwe amagulitsa makaka, chinangwa chouma chija. Buluku linali m'mawondo, ndipo ndinali nditadzionongera. Anthu ankangondilambalala, ena akuseka. Ndikutsegula maso ndinaona mapazi amene ndimawadziwa. Anali Felesiya, atasenza kathumba ka madeya komwe anagula ndi ndalama ya ganyu. Madeya, abale, chakudya cha nkhumba, akukadyetsa ana anga. Anatula kathumba kaja, kumasula chitenje chapamwamba, kundifunditsa, kusenzanso katundu wawo n'kumapita. Bwenzi atanditukwana, mwina ndikanapeza poyankhira.

Mungaganize kuti ndinasintha tsiku limenelo. Ayi ndithu. Chitenje chija ndinachisinthanitsa ndi botolo madzulo omwewo. Ndikunena kuti mudziwe pomwe ndinafika.

Patapita masiku atatu a Muhala anatuma uthenga kuti ndikufunika kumudzi, ndipo mkulu wanga, yemwe ndi nkhoswe yanga, wabwera kale kuchokera ku Nazombe. Ndinafika chakum'mawa, mutu ukuwawa. Pakhonde panali mipando, mkulu wanga atazyolika, a Muhala atakhala pa mtondo wogwetsa, Felesiya pamphasa. Pakati pawo panali thumba ili, lomangidwa kukamwa ndi luzi. Ndinalizindikira nthawi yomweyo, ndipo nditaona mkono wa malaya anga ukusuzumira ndinadziwa kuti ukwati watha. Kwathu kuno mkamwini akamangiridwa katundu safunsa kuti njira ili kuti.

Anandipatsa mpata woti ndilankhule. Ine, mopanda manyazi, ndinayambanso nyimbo yanga ija ya a Nikhoro. Ndinati munthu wolodzedwa sathamangitsidwa, amathandizidwa. Ndinati fodya ngati uja sangawole yekha. A Muhala anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Kenako anauza Felesiya kuti abweretse zija anawasungitsa, ndi khala la moto.

Felesiya analowa m'nyumba n'kutuluka ndi masamba awiri a fodya. Limodzi ndinalidziwa, linali la m'mabelo obwezedwa aja, lakuda, lokhuthala. Linalo linali laling'ono, lofiirira bwino ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, lofewa. A Muhala analikwinya m'manja n'kulitambasula, osang'ambika. Anandipatsa kuti ndinunkhize. Linali fodya weniweni, wa giredi yomwe ndinagulira injini. Ndinafunsa kuti ameneyu ndi wa ndani.

“Ndi wanu,” anatero a Muhala. “Wa m'munda mwanu momwemo.”

Ndinakana. Ndinati ine chaka chino ndinalibe fodya wotere. Apo Felesiya analankhula koyamba, maso ali pamphasa. Anati ndi wa mizere isanu ndi umodzi ija ya kumapeto, yomwe ndinakana kuipachika m'chigafa changa kuti ingandichititse manyazi. Iwo anaithyola okha itapsa, kusoka, n'kupachika m'khonde kuseri kwa nyumba. Wambiri anagulitsa kwa venda n'kugulira ana chakudya, ndindi imodzi ndi yomwe amalume anati asunge.

A Muhala anatenga khala lija ndi timitengo tiwiri n'kuligunditsa pa tsamba lofiirira. Moto unagwira, n'kumayenda wokha pang'onopang'ono, ukusiya phulusa loyera. Tonse tinkauyang'ana. Kenako anagunditsa pa tsamba langa lalikulu lija. Linangochita tsii, kabowo kakuda, moto n'kuzima. Anayesanso pena, n'kuzimanso. Kautsi kake kanandilowa m'mphuno, koyabwa kukhosi, mpaka mkulu wanga anatsokomola.

“Akamwini,” anatero a Muhala, osakweza mawu, “ine ndasankha fodya zaka zambiri, mfiti ndamvapo za mitundumitundu. Koma iyi yokha ndiyo yandidabwitsa. Yadumpha mizere yomwe yagundana ndi munda wake, n'kukalodza pokhapokha pomwe paipi yanu inafika. Tandiuzani, mfiti imeneyi inayenda ndi paipi?”

Ndinayang'ana masamba awiri aja ali pansi, mbewu imodzi, nazale imodzi, tsiku lowokera limodzi, dzuwa limodzi. Chosiyana chinali dzanja langa basi. Miyezi yonse ija ndinkafunafuna mdani, ndinamutukwana m'mabala, ndinamuipitsira mbiri, pomwe mdaniyo ndinkagona naye m'ngalande, atavala malaya anga. Ndinalira pamaso pa akazi anga ndi apongozi anga, kulira kwa mamina, ndipo palibe amene ananditonthoza.

A Muhala anadikira kuti ndithe, kenako anandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana wa sukulu. Anati fodya amafuna chakudya chambiri ali wamng'ono, koma pofika nthawi yodula mitu chakudyacho chizikhala chikutha m'nthaka, kuti tsamba lisiye kukula liyambe kupsa. Chikasu chomwe ine ndinachiona ngati njala, china chinali kupsa kumene. Ukamuthira yureya nthawi imeneyo, n'kumuthiranso madzi osalekeza, amaiwala zokhwima, amangonenepa, ndipo tsamba lodzaza madzi m'chigafa limawola lisanaume. Anati madzi paokha sanali olakwa. Ndikanangomuthirira kamodzi kapena kawiri kuti asafe ndi dzuwa, thumba lija osaligwira, bwenzi chaka chimenecho ndili ine woseka m'mudzi monse.

Mkulu wanga anapepesa m'malo mwanga mpaka kugwada. A Muhala anati iwo alibe mawu, mwini thumba ndi Felesiya. Felesiya anati:

“Thumba ili linali chimanga cha ana anga. Mukafuna kupita, nyamulani. Mukafuna kukhala, muzigona m'chigafa mwanumo, zovala zanu zizikhala momwemu. M'nyumba mwanga mudzalowa ndikadzaona ndi maso.”

Sananene kuti akadzaona chiyani, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa. Ndinanyamula thumba langa kupita nalo m'chigafa, momwe munali mukadali fungo la fodya wowola.

Tsopano mvetserani mmene ndinabwererera, chifukwa sizinachitike ndi pemphero lokha, ngakhale kupemphera ndinapemphera. Choyamba ndinapita kwa a Nikhoro. Sindinapite mobisa. Ndinapempha mpata kutchalitchi Lamulungu mapemphero atatha, ndinaima kutsogolo n'kunena kuti ndinawanamizira, fodya ndinamuononga ndekha. Chinali chinthu chowawa kuposa kubwezeredwa mabelo. A Nikhoro anangoti amva, ndipo zinawatengera miyezi kuti ayambenso kundiyankha moni bwinobwino. Sindiwadandaula.

Za mowa, sindikunamizani kuti ndinangodzuka n'kusiya. Sabata yoyamba manja ankanjenjemera moti khasu linkandipulumuka. Chomwe ndinachita n'chakuti ndinasiya kupita ku Migowi ndekha, ngakhale kukagula mchere. Ndalama iliyonse ya ganyu ndinkaipereka kwa Felesiya isanagone m'thumba mwanga. Kamodzi ndinagwa, pa chinkhoswe cha mwana wa mnzanga, ndinamwa makapu awiri. M'mawa mwake ndinakadziulula ndekha kwa a Muhala asanamve kwa ena. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero sindinalawenso.

Injini sindinaigulitse, mwamwayi inali itatsekeredwa kwa a Muhala nthawi yonse ya uchidakwa wanga. Anandibwezera, koma chingwe cholizira anapatsa Felesiya. Sekani, palibe kanthu. Mpaka lero chingwe chimenecho chimakhala mu dengu lawo, ndikafuna kuthirira ndimakapempha n'kufotokoza chifukwa chake. Ndi injini yomweyo tinalima chimanga cha kudimba m'chilimwe chimenecho, kumunsi kukhwawa. Ndinabwerera kuno kukalabu mutu uli pansi, alangizi aja sanandikumbutse za mawu anga, anangondionetsa kuthirira koyenera. Umafukula nthaka ndi dzanja, kuikanyanga. Ikagwirana, madzi alimo, injini isalire. Ikamwazika, thirira, koma madzi alowe pansi, asaime m'makwawa ngati ukulima mpunga.

Mu Novembala tinakolola chimanga cha kudimba. Ndinakhuthula zovala zanga pansi, kudzaza thumba ili ndi chimanga chotonola mpaka kukamwa, n'kukalitula pakhomo pa Felesiya. Mumtima ndinati lero ndigona pabedi. Iwo anakhuthulira chimanga mu nkhokwe, kukung'unta thumba, n'kundibwezera. Anati chimanga achiona, zikomo, koma Febuluwale sanamuone. Ndinabwerera m'chigafa n'kulongedzanso zovala zanga momwemo. Ndinakwiya, sindibisa, koma ndinadziwa kuti ankatanthauza nyengo ija ndinagwira thumba lawo.

Fodya wa nyengo imeneyo ndinachepetsa, theka la munda basi, woti chigafa chimukwane popanda kupanikiza. Wokulitsa powokera, kani patapita sabata ziwiri kapena zitatu, ndi kapu yomwe alangizi ananena, yosefukira ayi. Ndikamaliza ndinkatsuka manja n'kuiwala za feteleza. Ndiye ngati Mulungu akuchita kundiyesa, kumapeto kwa Januwale mvula inadulanso. Masamba a m'munsi anayamba chikasu. M'nyumba munali thumba latsopano la yureya wa chimanga, likudikira mvula kuseri kwa chitseko. Ndipo Felesiya anabwera m'chigafa kudzanditsanzika kuti akupita kutsidya kukaona manda a azakhali awo, akakhala masiku anayi, ana awasiya kwa amalume. Anandipatsa kiyi wa nyumba, yemwe ndinali ndisanamugwire kuyambira Julayi, pamodzi ndi chingwe cha injini.

Masiku anayi amenewo ndi amene andibweretsa pano. Musaganize kuti munthu akapsa kamodzi chilakolako chimatha. Tsiku lachiwiri ndinaima m'munda masana, fodya atafota, ndipo mawu aja anabweranso, kuti kadzanja kamodzi kokha pa phando sikangaononge, chaka chatha unangochulutsa. Ndinapita mpaka pakhomo, kutsegula, kuima n'kumaliyang'ana thumba lija. Ndinaligwira ndithu. Kenako ndinatseka chitseko, kupita kwa a Nikhoro, munthu yemwe uja ndinamutcha mfiti, n'kuwapempha kuti andisungire kiyi mpaka mayi a Estere abwere. Anandiyang'ana modabwa, koma anamulandira.

M'mawa mwake ndinalawirira kumunda. Fodya amene amafota masana n'kudzuka m'mawa ali bwino, ameneyo akungopuma dzuwa. Wanga tsiku limenelo ndinamupeza ali chifotere ngakhale m'mawa, nthaka ikumwazika m'manja. Ndinathirira kamodzi, madzi okha, n'kuzimitsa injini. Masamba achikasu a m'munsi ndinawathyola n'kukawapachika, motalikirana.

Felesiya anabwera tsiku lachinayi masana. Ndinali pakhomo pa chigafa ndikusoka fodya, ndipo ndinawaona akudutsa kwa a Nikhoro kukatenga kiyi, ndiye kuti nkhani inali itawapeza kale m'njira. Analowa m'nyumba. Kudzera pachitseko ndinawaona atagwada, akuyendetsa chala pa ulusi wa thumba kuyambira uku mpaka uko. Anatuluka, kutsikira kumunda, kufukula pa mapando angapo kuona ngati pali timibulu toyera. Anabwerera osandiyang'ana n'komwe. Mvula inagwa patapita masiku atatu, ndipo yureya uja tinakathira ku chimanga tonse awiri, iwo kutsogolo kubowola, ine pambuyo ndi kapu.

Fodya uja anapsa bwino, anauma bwino, ndipo atapita kumsika palibe belo lomwe linabwerera. Sanali wambiri, sitinagule njinga yamoto, koma anali fodya. Komabe zimenezo zinachitika pambuyo. Chomwe ndikufuna mumve chinachitika tsiku lomwe tinathira chimanga lija. Titaweruka ndinatsalira kukhwawa kusamba. Pobwera ndinalowa m'chigafa kuti ndisinthe malaya, ndinapeza thumba langa lili pa msomali, lopanda kanthu. Ndinati kapena akuba, kapena basi anditayira panja. Ndinatuluka nalo m'manja ndili wosavala kumtunda. Estere, mwana wathu woyamba, anali pakhonde akusenda chinangwa, ndipo anandiuza osadzutsa mutu kuti amayi akuti ndikafuna malaya ndikatenge pachingwe kuchipinda.

Ndinaima pakhomo paja nthawi yaitali, pakhomo pa nyumba yomwe ndinaumba njerwa zake ndekha, ndikuopa kuponda mkati. Felesiya anali kuchipinda akupinda bulangete langa. Nsapato yanga imodzi ija anali ataiika pansi pa bedi, pambali pa zawo. Ndinawafunsa kuti nanga thumbali nditani nalo. Anati ndilisunge, chifukwa likadali lolimba ndipo zovala zanga zimakwanamo bwino.

Ndi limeneli lafikanso m'manja mwangamu. Ndikachoka pano ndikalibwezera pa msomali pake, chifukwa mayi a Estere amaliyang'ana Januwale aliyense. Inu mukafika kunyumba, pitani kumunda mawa m'mawa dzuwa lisanakwere, mukafukule nthaka ndi dzanja. Ngati yauma, thirirani. Thumba lili kuseri kwa chitseko lija musaligwire, ndi la ana.